Fauziya pa Mpando wa Anika

Nselema, Machinga
Lachiwiri, 27 Meyi, 2 koloko masana

Elube, mwana wa mng'ono wanga,

Asalamu aleikumu. Ndangoswali kumene, ndipo pamkeka pano sindidzukapo mpaka nditamaliza kulemba. Moni wautali ndidzakupatsa tsiku lina. Ngati ana ako ali bwino, alihamudulila. Ngati akudwala, apatse mankhwala, koma uyambe wawerenga izi.

M'kansaluka ndakumangira makalata. Ena ndi a mdzukulu wanga Fauziya, amene anapita ku Jeremani ndi bungwe lija losinthanitsa ana a sukulu. Ena ndi mayankho anga. Usadabwe kuti angawo ndili nawo. Ine ndinalekera Sitandade 3, ndiye kalata ndimayamba kuilemba m'kope, kenako n'kukopera papepala loyera. Masamba a m'kopewo ndang'amba, ndi amenewo. Za foni usandifunse. Ukudziwa kuti makutu anga anatha, munthu akamalankhula pafoni ndimangomva ngati njuchi m'botolo.

Mwanayu amayenera kubwera pa 5 Julayi. Tsopano akuti sabwera. Amene wasaina kuti asabwere ndi mjomba wake Twalibu, mwana wanga wobereka ndekha, uja amagulitsa zitsulo za njinga ku Balaka n'kumayenda ngati nduna. Koma amene anayamba kulakwa ndi ine. Werenga mmene ndakusanjira, usadumphe. Ntchito yako ndikuuza kumapeto.

*

Ku Jeremani
8 Seputembala

Okondedwa Anganga,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji, ndi miyendo ija? Ine ndinafika bwino. M'ndege sindinasanze, ngakhale munanena kuti ndisanza.

Anthu amene ndikukhala nawo ndi awiri okha, Mayi Renate ndi amuna awo Bambo Yoheni. Pakhomo palibe mwana. Bambowo ndi ofatsa, salankhula kwambiri. Mayiwo anandikumbatira pabwalo la ndege mpaka ndinasowa mpweya. Chipinda changa chili pamwamba. Ndinachipeza chokonzeka kale, muli mabuku, nsapato, zidole, ngakhale chipeso. Ndinachita manyazi kuti andikonzera zonsezi asanandione n'komwe.

Za kudya, mukanaseka. Timadya patebulo 6 koloko yeniyeni. Buledi wake ndi wakuda, wolimba ngati njerwa. Pali tchizi china chimanunkha ngati masokosi a mjomba. Mbatata ya kachewere ndiye tsiku lililonse. Nkhumba anaichotseratu m'nyumba chifukwa cha ine. Lachitatu lililonse timamwa supu wa maungu, Lamulungu keke ya maapozi. Ndili ndi mpando wangawanga, woyang'ana pawindo, ndi mbale yangayanga ya mkombero wobiriwira, yobenthuka pang'ono. Zawo ndi zoyera. Mayi Renate sayamba kudya ine ndisanamalize. Amangogwira foloko n'kumandiyang'ana ndikutafuna.

Dzulo anandipititsa kukaona nyumba ya mafumu akale pamwamba pa phiri. Tinakwera masitepe 300. Mulibe munthu, muli mipando ndi mikondo basi. Pamwambapo mayiwo anafuna kundijambula. Anandiimika pawindo lachitatu, anati dzanja ligwire chitsulo, mutu upendeke chonchi. Anajambula kasanu ndi kamodzi, akuti dzanja silikukhala pamalo pake, mpaka Bambo Yoheni anati, "Renate, zakwana."

Malamulo anu atatu aja ndikuwasunga. Sindikana chimene andipatsa. Sindifunsa za m'nyumba ya eni. Akulu akaitana ndimayankha kamodzi komweko.

Mundiuze za mbuzi yanga ngati inabereka. Moni kwa mjomba ndi azakhali a Dalesi.

Ndine mdzukulu wanu,
Fauziya

*

Nselema
6 Okutobala

Fauziya,

Waaleikumu salamu. Miyendo ilipo, iwiri yomwe ija. Mbuzi yako inabereka mwana mmodzi, wamwamuna, wopusa ngati mjomba wako. Walowa kale kawiri m'dimba la eni.

Ndiye kuti kumeneko maungu amamwa? Anthu a ndege ndi magalimoto, koma alephera kudziwa kuti dzungu amatafuna. Komabe imwa. Ukanyansidwa, unyansidwe m'mimba, pankhope pasaoneke.

Masitepe 300 kukaona nyumba yopanda anthu. Kuno nyumba yopanda anthu ndi bwinja, ndipo timalilambalala. Koma ngati eni ake amakonda mabwinja, pita nawo, uziti ndi zokongola.

Zoti mayiwo amakuyang'ana ukamadya usadandaule nazo. Mkazi wopanda mwana amatero. Ine ndinkakuyang'ananso uli wamng'ono, kuopa kuti nsomba ungameze ndi minga yomwe. Mbale yobenthuka nayo si mlandu. Mlendo sasankha mbale.

Ndawalembera mayiwo kalata yothokoza, Twalibu waiika m'Chizungu. Ndawauza mmene timanenera kwathu kuno posiya mwana m'manja mwa munthu. Ndati, mwanayo ndi wanu. Mayi ake, mwana wanga Zainab, anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndiye alibe mayi wina koma inu. Mumudyetse, mumulange, ngati wobereka nokha. Ndalemba choncho kuti akusunge bwino, ndiye iwe usakandichititse manyazi.

Uziswali. Mpango usachoke kumutu chifukwa choti kulibe amene akukuona. Alipo akukuona.

Anganga ako,
Abiti Salimu

*

Ku Jeremani
15 Disembala

Okondedwa Anganga,

Asalamu aleikumu. Pepani ndachedwa, tinali ndi mayeso. Kuno kukuzizira moti madzi a m'ngalande amauma gwa ngati galasi. Dzuwa limatuluka kuti tingoliona, kenako n'kubwerera.

Kalata yanu ija Mayi Renate anaiwerenga katatu, akulira. Aiika m'galasi, aipachika kukhitchini pafupi ndi tebulo. Aliyense wobwera amamuonetsa.

Andipatsa chikhoti chachikasu chofunda kwambiri. Mikono inali yaitali, anaipinda n'kusoka okha. Si chatsopano, m'thumba ndinapezamo tikiti yakale ya basi ndi kamphira komangira tsitsi. Tsiku loyamba kuchivala ndinadutsa agogo ena oyandikana nafe, akuchokera kusitolo. Anandiona kumbuyo, anagwetsa thumba, mazira onse phwa. Nditatembenuka kuti ndiwathandize anangogwira pamtima n'kulowa m'nyumba osatola kanthu. Mwina sanazolowere munthu wakuda.

Maulendo sakutha. Takwera bwato lalikulu pamtsinje, mkati mwake muli lesitilanti. Taona tchalitchi chachitali moti khosi limawawa. Sabata yatha tinapita kumsika wa Khirisimasi, kuli magetsi ambirimbiri ndi mtedza wokazinga ndi shuga. Kulikonse mayiwo amadziwiratu poti ndiime. Safunafuna malo abwino, amangolunjika pamtengo wakuti kapena pabenchi yakuti, n'kundikonza mapewa.

Pali zinthu ziwiri ndikufuna mundiweruze. Choyamba, Lachitatu lina ndikupukuta mbale ndi Bambo Yoheni, anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Fauziya, m'nyumba muno ukhoza kunena kuti iyayi. Palibe angakuthamangitse." Ndinadziwa kuti akundiyesa ngati ndinaleredwa. Ndinati zikomo bambo, zonse zili bwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anaika kansalu pansi, n'kutuluka panja opanda chipewa.

Chachiwiri, masiku ano mayiwo akamandiitana kuti ndidzadye amati "Anika". Poyamba ndinakhala chete, koma m'nyumba munalibe wina, ndiye ndinayankha. Anasangalala kwambiri, anandiwonjezera keke. Kodi ndalakwa?

Ndine wanu,
Fauziya

*

Nselema
12 Januwale

Fauziya,

Waaleikumu salamu. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'mawondo. Denga la khitchini likudontha, mjomba wako walonjeza kubwera. Analonjezanso chaka chatha.

Sunalakwe. Munthu akakupatsa dzina ndiye kuti wakulandira. Ine apongozi anga ananditcha dzina lawo ndingofika kumene, ndinaliyankha mpaka tsiku limene tinawaika. Dzina si chilonda. Yankha.

Bambowo unawayankha bwino. Amuna amatero, amaponya mawu kuti aone ngati mwana ali ndi pakamwa.

Za chikhoticho, chovala chakale chili ndi mwini, zimenezo n'zoona. Koma sukafunsa. Vala, thokoza, ukabwera udzachisiye pabedi.

Anganga ako

*

Elube, ndiime kaye apa. Polemba za chikhotizo mtima unandigunda. Tikiti m'thumba, nkhalamba kugwetsa mazira. Ndinaumva ndithu mtimawo, koma ndinaukhazika pansi ngati mwana wosokosa pamaliro. Ndinati ndi zachizungu, ine wa Sitandade 3 ndizidziwira kuti.

Kalata yotsatirayi uyang'ane tsiku lake. Inalembedwa m'Malichi. Ine yandipeza Loweruka lapitali, pa 24 Meyi. Makalata a mwanayu amafikira m'bokosi la Twalibu ku positi ya ku Balaka. Iyi anaitsegula, anaiwerenga, anaipinda n'kuika m'thumba la jekete, miyezi iwiri. Mkazi wake Dalesi ndiye anaipeza pochapa. Anakwera minibasi yekha kudzandipatsa, pamodzi ndi ina ya m'Meyi. Mulungu amupatse zabwino mkazi ameneyo, anakwatiwa ndi mwamuna wosamuyenera.

*

Ku Jeremani
16 Malichi

Anganga,

Asalamu aleikumu. Kalata iyi muiwerenge muli nokha.

Ramazani ndinayamba bwino. Mayi Renate ankandidikira mpaka dzuwa litalowa kuti tidyere limodzi. Koma Lachitatu lapitali nditabwera kusukulu 1 koloko masana, ndinapeza tebulo loyalidwa. Panali keke ya makandulo 18. Bambo Yoheni anali ataima pawindo, atatifulatira. Mayiwo anati, "Khala pampando pako. Lero ndi tsiku lako lobadwa." Anganga, mukudziwa kuti ine ndinabadwa m'Novembala. Anadula keke, anaika m'mbale yanga ija, anandigwiritsa foloko ndi manja awo. Ndinali nditafunga, ndikusala kudya. Ndinadya. Mundipempherere chikhululuko.

Nditamaliza anabweretsa buku la zithunzi. Tsamba loyamba, mtsikana wachizungu ataima pawindo lachitatu la nyumba ya mafumu ija, dzanja pachitsulo, mutu atapendeka. Pambali pake amatapo chithunzi changa. Tsamba lachiwiri, pabwato. Lachitatu, patchalitchi. Kumsika wa Khirisimasi mtsikanayo wavala chikhoti chachikasu chija. Tsamba lililonse iye kumanzere, ine kumanja.

Dzina lake ndi Anika. Anali mwana wawo mmodzi yekha. Anamira zaka zitatu zapitazo, pa 14 Juni, m'nyanja ina ya kumapiri, yakuya kwambiri. Thupi silinapezeke. Alibe manda. Chipinda chimene ndimagona ndi chake. Chipeso, mpando, mbale, supu wa Lachitatu, zonse ndi zake. Palibe chimene chinasunthidwa.

Patsala tsamba limodzi. Kumanzere kuli iye ataima m'kabwato panyanjapo. Kumanja kulibe kanthu. Mayiwo akuti tidzapita pa 14 Juni.

Kenako anandigwira manja onse awiri, anati ndisabwerere m'Julayi. Akuti ndikhale, ndimalize sukulu kuno, ndidzapite ku yunivesite, alankhula kale ndi a bungwe, pangofunika kuti kwathu asaine. Analoza kalata yanu ija pakhoma. Anati, "Agogo ako anandipatsa kale. Zalembedwa apo."

Sindinathe kuwakanira, keke yawo ili m'kamwa mwanga. Ndinangoti ndikafunsa akuluakulu. Ndi anthu abwino, sanandimenyepo, sanandinyozepo. Koma akamandiyang'ana saona ine. Ndikufuna kubwera kwathu. Mwana sakana wamkulu pamaso, munandiphunzitsa nokha kuti amakanira kudzera kwa akulu ake. Ndiye kanani inuyo, Anganga. Lembani kuti mukundifuna. Ndikudikira.

Fauziya

*

Elube, ine ndinali ndisanaone zimenezi. Miyezi itatu kopanda kalata, ndinkangoti mwana watayirira. Pa Idi Twalibu anabwera ndi shuga ndi nkhope yake yonona ija. Anati mayiwo amuimbira foni, akudandaula kuti Fauziya wasiya kuseka, ndipo pali kanthu kakang'ono kamene amupempha, iye akungozengereza kuyankha, akuti akudikira mawu a akuluakulu. Ndinamufunsa kuti kanthu kanji. Anati, "Za maulendo awo omwewo, amayi." Ndiye ona chimene dzanja langali linalemba.

*

Nselema
13 Epulo

Fauziya,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi lamulo, koma sindinasangalale nawe.

Nkhani yako yandipeza. Anthu akudyetsa miyezi isanu ndi itatu, akufunditsa, akuyendetsa m'malo amene ngakhale a DC sanapondeko, ndiye lero akupempha chinthu chimodzi iwe n'kumatupa masaya ngati chule? Ukufuna ine ndikukanire? Ine sindikanira mwana wamwano. Sindinalere munthu wodya n'kupukuta pakamwa n'kufulatira.

Chimene akupemphacho vomera. Vomera ukumwetulira. Kuno palibe chimene chikukusowa, mbuzi zikudya, ine ndikudya. Ndisamvenso kuti mayi uja walira chifukwa cha iwe.

Anganga ako

*

Ku Jeremani
4 Meyi

Anganga,

Asalamu aleikumu. Yankho lanu ndalandira. Ndaliwerenga kawiri kuti mwina ndaphonya mawu. Ndamva.

Ndavomera. Ndinavomera patebulo, ndikumwetulira, mmene munanenera. Mayi Renate anagwada pansi n'kuika mutu pamiyendo panga. Mapepala atumiza kwa mjomba.

Bambo Yoheni anachoka sabata yomweyo, akukhala kwa achimwene awo. Pochoka anaima pakhomo la chipinda changa, chikwama m'manja, anati, "Ndinakuuza kuti ukhoza kukana." Tsopano patebulo timakhala awiri. Mayi a bungwe anabwera kudzaona mmene ndikukhalira. Tinakhala pabalaza, Mayi Renate atandigwira dzanja. Ndinati zonse zili bwino.

Dzina langa sindinalimve m'nyumba muno kuyambira pa Idi. Kusukulu kokha.

Za ulendo wa pa 14 Juni zakonzeka. Abwereka kabwato kakang'ono kopalasa, ka anthu awiri. Andipatsa chovala chosambirira cha Anika, akuti ankasambira ngati nsomba. Ndawauza kuti ine kusambira sindidziwa, kunyanja ya Chiuta munkandiletsa ngakhale kuviika mapazi. Anangoseka n'kundisisita tsaya. Anati, "Thupi limakumbukira."

Mbuzi ija mupatse mwana wa azakhali. Musadandaule za ine, ndikudya.

Fauziya

*

Nditawerenga ziwirizi Loweruka, ndinatuma Dalesi kuti akauze mwamuna wake abwere. Sanabwere. Watumiza pepala ili dzulo.

*

Balaka
26 Meyi

Amayi,

Ndi ulemu wonse. Ndamva kuti mwakwiya, ndipo sindibwera mpaka mtima wanu utatsika, chifukwa ndikudziwa pakamwa panu.

Inde, kalata ija ndinaisunga. Ndinachita dala. Ine ndine mwinimbumba, ndiyenera kuona patali. Mwana wa mlongo wanga wapeza mwayi umene ana a mabwana ku Lilongwe amaulota. Mukufuna abwere adzatani? Adzagulitse tomato pa Nselema? Adzakwatiwe ndi wa kabaza? Mtsikana akasowa kwawo amalemba zambiri, zimatha zokha. Mzunguyo ndalankhula naye pafoni kangapo, ndi munthu waulemu, wophunzira. Anataya mwana, inde. Wathuyu alibe mayi. Vuto lili pati? Ngati akumutcha Anika, amutche. Satifiketi idzalembedwa Fauziya.

Za bwatozo ndi pikiniki chabe. Kumeneko kuli malamulo, si ku Chiuta.

Mafomu ndinasaina pa 19, ndinatumiza kale. Komanso musaiwale kuti mawu oti mwanayo ndi wanu anachokera kwa inu. Ine ndinangomasulira.

Mwana wanu,
Twalibu

*

Wawerenga, Elube. Chimene chikundiwawa n'chakuti mzere wake wotsirizawo sananame.

Tsopano ntchito yako. Iwe ndi mphunzitsi, Chizungu umachidziwa, foni yako imafika kunja. Pansipa pali makalata awiri. Yoyambayo uiike m'Chizungu lero lomwe. Usathiremo shuga. Pamene ndalemba mwano, pakhale mwano. Ukandikometsera mawu ngati mmene amachitira Twalibu, ndidzadziwa, ndipo pamaliro anga usadzabwere. Uitumize kwa mayiwo, kwa amuna awo, ndi kwa a bungwe ku Lilongwe, pamodzi ndi kalata ya m'Malichi ndi ya m'Meyi. Manambala Dalesi wawakopera m'foni ya mwamuna wake, ali kuseri kwa pepala lino. Yachiwiriyo usamasulire. Ungoijambula, ipite kwa mwiniwake, aone dzanja langa.

*

Kwa Mayi Renate,

Ine ndine Abiti Salimu, agogo a mtsikana amene ali m'nyumba mwanu. Dzina lake ndi Fauziya. Anamutcha ndi mayi ake, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anamusiyira.

Ndinakulemberani kuti mwanayo ndi wanu. Kwathu kuno mawu amenewo timanena ngakhale posiya mwana kwa mnansi tikamapita kuchigayo. Madzulo timakamutenga, ndipo palibe mnansi amene amatseka chitseko n'kunena kuti munandipatsa. Sindinadziwe kuti mawuwo akupita m'nyumba yotani. Kulakwa ndi kwanga. Ndikuwabweza. Pepalalo lichotseni pakhoma. Mwanayo si wanu. Ndinakubwerekani chaka chimodzi, ndipo chaka chikutha pa 5 Julayi. Amene wasaina mafomu anu ndi mwana wanga, anasaina atandibisira kalata. Mtsikanayo anavomera chifukwa ine ndinamulamula ndisakudziwa chimene ndikulamula. Iye analemba ndi dzanja lake kuti akufuna kubwera kwawo.

Munamudyetsa bwino, zikomo. Koma simunkadyetsa iye.

Mayi, mwana wanu Anika anamwalira. Mwina kumeneko anthu ndi aulemu kwambiri, palibe amene anakuuzani mokweza. Ine ndikukuuzani. Anamwalira, ndipo sali m'thupi la mdzukulu wanga.

Musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa. Zainab wanga atamwalira ndinatsekera nsalu zake m'sutikesi, ndinakana kuti zigawidwe. Kamwana kake ka zaka zinayi, Fauziya yemweyu, ndinayamba kukaitana kuti Zainab, ndipo kanayamba kuyankha. Ndinkamva bwino kwambiri. Tsiku lina mng'ono wanga anamva. Anathyola loko ndi nkhwangwa, anagawa nsalu zonse kwa akazi a m'mudzi ine ndikukuwa pabwalo ngati wamisala. Sindinamulankhule zaka ziwiri. Koma mwana anabwerera ku dzina lake. Inu mwasowa munthu wa nkhwangwa. Amuna anu anayesa ndi mawu ofewa, atopa, achoka. Ndiye nkhwangwayo ndi kalata ino.

Kuno msodzi akamira ku Chiuta osapezeka, sitidikira madzi kuti atibwezere. Timamupempherera, timaphika chakudya, timaitana anthu, amadya m'dzina lake, zovala zake timagawa, n'kutha. Chitani zimenezo mwa chikhalidwe chanu. Pa 14 Juni pitani kunyanjako ndi amuna anu, mukalire mpaka mawu athe. Koma mdzukulu wanga asakaponde m'bwato. Sadziwa kusambira. Thupi lake lilibe chokumbukira.

Ndine mayi mnzanu amene anaika mwana,
Abiti Salimu

*

Fauziya, mwana wa Zainab,

Kalata yako ya m'Malichi yandipeza pa 24 Meyi. Mjomba wako anaibisa. Ya m'Epulo ija ndinalemba ndili m'mdima, ing'ambe. Ndinakulakwira, ndipo ukudziwa kuti mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu.

Ndakana. Ndikukufuna kuno. Koma ine ndili kutali, pakamwa panga sipafika patebulopo. Malamulo atatu aja ndawachotsa. Akakuitana dzina la eni, khala chete. Akakufunsa, yang'ana m'maso unene kuti iyayi. Ukaona kuti zikuvuta, pita kwa aphunzitsi ako kapena kwa bambo aja, unene zonse, usakometse. Kunyanja usapite, ngakhale alire, ngakhale agwade. Mlandu wa mwano ndausenza ine.

Anganga ako

*

Ndi zimenezo, Elube. Dzanja lauma, dzuwa lapendeka. Sindidziwa ngati mayi uja adzamva, kapena ngati mwana amene ndinamuphunzitsa zaka khumi ndi zitatu kuti asamakane angaphunzire kukana ndi kapepala kamodzi. Ndawerenga pazala, kuchokera lero kufika pa 14 Juni ndi masiku khumi, asanu ndi atatu.

Ukatumiza, kansaluka kasagone kwako. Kapereke kwa akazi a mbumba yathu pa Kalembo pomwepo, awerenge, osadziwa kuwerenga awerengeredwe. Kachoke pamenepo kapite kwa a ku Ngokwe. Wotsiriza kukalandira akatengere ku Balaka, akaime pakhomo la shopu ya Twalibu makasitomala alipo, akawerenge mokweza kuyambira pamwamba. Masamba anga a m'Epulo asawadumphe.

Ndine mayi ako aakulu,
Abiti Salimu